Mfungulo Yobisika M'kati mwa Mfungulo

Pamene Alexander Hetherwick anadza kudzayamba mishoni kuno ku Domasi m'chaka cha 1884, ulendo uliwonse unali wapansi kapena wa pamachila. Machila analibe loko, ndipo onyamula akatopa ankapuma pamthunzi ndi kudzukanso. Masiku ano tili ndi magalimoto amene amatseguka mwini wake ali patali, atangodina kabatani ka rimoti. Nzabwino ndithu. Koma ndifuna kukuuzani, anzanga, zimene zimachitika kabatani kameneka kakakana kumvera, pakuti ndinaziona ndi maso anga m'nyengo yachisanu yapitayi.

Amalume anga ali ndi kagalimoto kochokera ku Japan, kamene kanalowera padoko la Dar es Salaam monga amachitira magalimoto ambiri a kuno. Popeza petulo anali wosowa, iwo anakaimika pansi pa mtengo wa mango masabata atatu, nati mafuta otsalawo ndi a tsiku la mavuto. Nzeru imeneyi tonse tinaiyamika. Koma galimoto ya makono siigona tulo teniteni. Ngakhale yazimitsidwa, wotchi yake imayendabe, ndipo kachipangizo komvetsera rimoti kamakhala tcheru usana ndi usiku. Zonsezi zimamwa moto wa batire pang'onopang'ono, ndipo batire yokalamba imafooka msanga kukazizira.

Tsiku la mavuto lija linafikadi. M'bandakucha agogo anga aakazi anagwidwa ndi mphumu, mpweya ukuchita kulira m'chifuwa. Anafunika kupita ku chipatala chachikulu ku Zomba, ndipo pakabaza sakanatha kukhala. Amalume anathamangira kugalimoto nadina rimoti. Zii. Anadinanso, koma zitseko zinangoti chete. Buku la kuchipatala la agogo linali m'kati momwemo, tikuliona bwinobwino pagalasi.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachisiyanitsa. Mabatire ndi awiri: kakang'ono konga ndalama yachitsulo kamene kali m'rimoti, ka mavoti 3, ndi yaikulu ya mavoti 12 imene ili pansi pa boneti. Pa rimoti ya amalume kanyale kofiira kanali kuphethira podina, kusonyeza kuti iyo inali yamoyo. Yakufa inali yaikuluyo. Tsono taonani msampha wake: kuti munthu afike pa batire ayenera kutsegula boneti, chokokera boneti chili m'kati mwa galimoto, ndipo chitseko chikudikira moto wa batire yomweyo.

Anthu anasonkhana, aliyense ndi nzeru yake. Mnyamata wina anabwera ndi waya kuti apise m'mbali mwa galasi, monga ankachitira ndi magalimoto akale. Wina anatola mwala. Ine za mwala sindizinyoza konse. Kukanakhala kuti m'katimo mwatsekeredwa mwana, makamaka m'dzuwa la October, galasi liyenera kuswedwa nthawi yomweyo, kusankha lakutali ndi mwanayo, pakuti galimoto yotseka imatentha ngati uvuni. Koma apa kuswa kukanangotipatsa buku ndi chisanu cha panjira, ndipo galasi la chitseko si la mtengo wamasewera.

Pamenepo panafika mkulu wina wa m'mudzi mwathu, amene anayendetsa malole ndi ma Land Rover kale ife tisanabadwe. Anafika pang'onopang'ono ndi ndodo yake, namvetsera zonse, nati kwa amalume, "Mwana wanga, tandipatsa mfunguloyo." Amalume anayankha mwaulemu kuti, "Bambo, iyi si mfungulo ya masiku anu, ilibe chitsulo." Mkuluyo sanakwiye. Anangoloza kabowo kamene kanali pachogwirira cha chitseko cha dalaivala, nati, "Nanga bowo ili analiboolera chiyani? Mmisiri saboola pachabe."

Anaitembenuza rimoti ija m'manja mwake, koma maso ake ndi ofooka. Mlongo wanga wamng'ono ndiye anaona kakamwa kakang'ono kumbuyo kwake. Atakakankha ndi chikhadabo, kunatuluka kamfungulo kachitsulo kopyapyala, kowala ngati katsopano. Amalume anali atayenda nako m'thumba zaka zinayi osadziwa. Ndamva kuti pa magalimoto ena bowolo amalibisanso pansi pa kachivundikiro ka pulasitiki kumapeto kwa chogwirira, kamene kamatukulidwa ndi nsonga ya kamfungulo komweko.

Mavuto sanathere pomwepo. Loko amene sanalowemo mfungulo zaka zonsezo anali atadzaza fumbi la m'misewu yathu, ndipo kamfungulo kanakana kutembenuka. Amalume anafuna kukakamiza, koma mkulu uja anawagwira dzanja, nati kakathyokera m'katimo ndiye kuti zonse zatha. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe wa sukulu, uli ndi pensulo?" Ndinathamanga kukaitenga. Iye anapaka mtima wa pensulo pakamfungulo mpaka kanada, nakalowetsa ndi kukatulutsa kangapo, akugwedeza pang'onopang'ono. Mtima wa pensulo ndi graphite, imene tinaphunzira m'kalasi la sayansi kuti ndi yoterera, koma sindinaganizepo kuti ingatsegule chitseko. Tinamva kuti khe, ndipo amayi anafuula nthungululu ngati kuli ukwati.

Chitseko chimodzi chokha ndicho chinatseguka. Zinazo anazitsegula ndi dzanja ali m'kati, nakokanso boneti.

Tsono chinandiseketsa, ngakhale sinali nthawi yoseka, ndi ichi. Mkulu uja anapita kutsogolo kwa galimoto, nagwada, nayamba kufunafuna bowo lolowetsamo chitsulo chopukusira injini. Ma Land Rover ake akale anali nalo, ndipo batire ikafooka munthu ankangopukusa ndi mkono. Atalephera kulipeza anati tiikankhe. Apa amalume ndiwo anakhala mphunzitsi, namufotokozera kuti galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha, ngakhale mutaitsetseretsa kuchokera pamwamba pa phiri la Malosa. Mkuluyo anapukusa mutu kwa nthawi yaitali.

Ndimamumvetsa. Choliza injini ndi magetsi chinayamba pa galimoto ya Cadillac m'chaka cha 1912, ntchito ya Charles Kettering, ndipo chinapulumutsa mikono yambiri, pakuti chopukusira chikabwerera m'mbuyo chinkathyola dzanja. Rimoti yotsegulira zitseko inadza ndi Renault Fuego mu 1982. Chatsopano chilichonse chinachotsa ntchito ina m'manja mwa munthu ndi kuiika pa batire. Pa njira zonse zamanja zimene mkulu uja ankadziwa, amisiri atisiyira kamfungulo kamodzi kokha, nako nkubisa. Ine ndiona kuti wogulitsa galimoto ayenera kukasonyeza kwa wogula asanalandire ndalama.

Chotsala chinali kubwereka moto. Panadutsa lole yaikulu ya mchenga, ndipo dalaivala wake anali wokonzeka kuthandiza, koma mkulu uja anakana. Anati malole akuluakulu ambiri ali ndi mabatire awiri olumikizidwa, a mavoti 24, amene angapsereze mawaya a kagalimoto kakang'ono. Tinadikira mphindi zowawa, agogo akupuma movutikira pakhonde, mpaka panafika kapikapu kodzaza njerwa kamene kanali ndi mawaya ake. Mkuluyo anaima pakati ngati kapitawo. Waya wofiira anauika pa mutu wa + wa batire yakufa ndi pa + wa yamoyo. Wakuda anauika pa − wa yamoyo, koma nsonga yake ina anaipanitsa pachitsulo cha injini yathu, kutali ndi batire, chifukwa batire imatulutsa mpweya umene ungayake ndi kamoto kakang'ono. Pikapu inalira kanthawi, amalume anadina batani, ndipo injini inadzuka.

Agogo anafika ku Zomba dzuwa lisanakwere kwambiri, anagonekedwa masiku awiri, ndipo tsopano abwerera kudimba kwawo m'mbali mwa mtsinje wa Domasi. Amalume anagula batire ina, ndipo Loweruka lililonse amayenda ndi galimoto mpaka ku Songani ndi kubwerera, kenaka amatseka chitseko ndi kamfungulo kachitsulo kuti loko asaiwale ntchito yake. Anafuna kumpatsa mkulu uja ndalama, koma iye anakana, napempha pensulo ija.