Uthenga wa Maliro Ukwere Basi Imodzi

Pa wailesi ya m'dera, uthenga wa maliro sufunika kucedwa. Ukacedwa, acibale a ku Chiparamba amamva mtembo utaikidwa kale. Kuno ku Kasenengwa uthengawu umatipeza m'njira zitatu: pa SMS, pa fomu ya pa webusaiti, kapena munthu wapalasa njinga yekha kucokera kumudzi.

Ife odzipereka amene tinaphunzirako zolemba mapulogilamu ku koleji timakonda njira yochedwa command bus. Laravel, ya Taylor Otwell, inaibweretsa mu 2015, ndipo caka comweco anasintha dzina n'kuyamba kunena kuti Jobs. Command ndi kakalata cabe: dzina la malemu, mudzi, tsiku loika, na lamulo limodzi lakuti "lengeza". Basi ndiyo imanyamula kakalatako n'kukapereka kwa handler mmodzi, amene amaika uthengawo pa ndandanda ya muulutsi. Zili monga kupatsa kondakitala kalata yopita ku Chipata. Wolemba safunika kudziwa kuti basi idutsa kuti.

Ena amati mafailo amaculuka pa kanchito kocepa. Pa webusaiti yongoonetsa maina a nyimbo, akunena zoona. Koma kuno malaiti amapita, netiweki imadula. Kakalata kamasungidwa mu database, kali pamzere, ndipo kakalephera kamayesedwanso. Tikagwirizana kuti maliro azilengezedwa malonda a mbewu asanayambe, timasintha pamalo amodzi cabe, ndipo uthenga wa pa SMS na wa munthu wa njinga uja umatsatira lamulo lomwelo.