Nati imodzi yosamanga inagoneka anthu 9 pa boda

Lero sindikufunsa mtengo wa thiransipoti ayi. Ndikufuna ndikuuzeni zimene ndinaona ku Cape Town, komanso ndiulule kanthu kena kamene kakhala kakundidya mumtima. Ndi yaitali, koma muwerenge.

Chaka chatha kumapeto kwa November ndinali kumeneko kukapikula katundu wa Khirisimasi. Ndinkagona kwa mwana wa mchemwali wanga podikira kuti thiraki idzaze. Tsiku lina anati, "Amalume, m'malo mongokhala, tiyeni kuli kaganyu konyamula mabokosi, mukapezeko ya sopo." Kaganyuko kanali pa bwalo lina kufupi ndi Epping, kuja kuli mafakitale ambiri. Kampani ina inatulutsa antchito ake onse, kuyambira bwana mpaka mayi wokolopa, kukachita zimene amati team building. Amatseka ofesi tsiku lonse, anthu n'kukasewera limodzi, ati aphunzire kugwirizana.

Masewera ake anali omanga tigalimoto topalasa ngati njinga. Gulu lililonse la anthu 6 linalandira bokosi: felemu, matayala anayi, tcheni, mapedulo, mpando, chiwongolero, kathumba ka mabawuti, masipanala awiri ndi pepala la malangizo. Mumange, mupente, kenako mupikisane, aliyense apalase kamodzi kuzungulira bwalo n'kupatsira mnzake.

Poyamba ndinaseka. Anthu akuluakulu a ndevu zawo! Ife tinkapanga galimoto za mawaya ku Ndirande popanda wotilipira. Mwana uja anandiuza kuti kumeneko zoterezi amazikonda, moti mu 2022 a Red Bull anachititsa mpikisano ku Bo-Kaap wa tigalimoto todzipangira topanda injini, tongotsetsereka pamtunda, anthu kudzaza msewu.

Koma nditayamba kuyang'anitsitsa, kuseka kunatha. Gulu la bwana linali loyamba kumaliza. Bwanayo anagwira sipanala yekha, pepala anaponya pambali. Mnyamata wina woyendetsa forklift anamuuza kawiri kuti nati ya tayala lakumbuyo sinamange. Bwana anangoti nthawi yatha. Gulu lina linachedwa kwambiri, chifukwa mayi wokolopa uja anakana kuti ayambe asanawerenge mabawuti onse ndi kuwayala pansi monga pepala likunenera. Anzake ankadandaula. Mpikisano utayamba, kagalimoto ka bwana kanatsogola ndithu, koma pa kona yachitatu tayala linachoka n'kugudubuzika lokha. Amene anagwa sanali bwana ayi, anali mtsikana wa ku akaunti amene sanagwireko n'komwe sipanala. Anasupuka chigongono. Gulu la mayi uja linamaliza, onse 6 atapalasa.

Anthu anaseka, ine ndinangoti zii. Ndinakumbuka zanga.

Zaka ziwiri m'mbuyomo tinasonkherana thiraki imodzi anthu 9. Mukudziwa njira yake: kuchoka Cape Town pa N1 mpaka Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,400, kenako Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, n'kulowa kwathu pa Mwanza. Aliyense anapereka mndandanda wa katundu wake ndi malisiti, ejenti n'kupangira mapepala. Titafika Johannesburg usiku, ine ndinawonjezera makatoni 6 a nsapato amene sanali pa mndandanda. Ndinapatsa mnyamata wopakira kangachepe kuti awabise pakati. Dzina sindinalembepo. Ndinkati ndazemba thiransipoti ndi msonkho nthawi imodzi.

Pa boda anati atsitse katundu awerenge. Zimene zinali m'thiraki sizinagwirizane ndi mapepala. Ogwira ntchito pamenepo sanalakwe kanthu, anangochita ntchito yawo. Thiraki inaimikidwa pambali masiku asanu. Anafunsa kuti makatoniwa ndi a ndani, ine ndinakhala chete ngati wina aliyense. Makatoni anapita, chindapusa tinagawana tonse, ndipo ine ndinapereka gawo langa uku ndikudandaula nawo limodzi.

Zinagwera anthu osalakwa. Mwini thiraki anaganiza kuti dalaivala ndi amene ananyamula katundu wa m'mbali, n'kumudula malipiro. Mayi wina amene anatenga ngongole ku banki m'khonde analandira zovala zake za ana Khirisimasi itapita. Anazigulitsa mu January, mwezi umene aliyense akusaka ya fizi ndi feteleza, pa mtengo wongoti zichoke. Ineyo ndinali bwana uja wa sipanala, iwo anali mtsikana wosupuka chigongono.

Nditabwerako ku Cape Town ndinaimbira dalaivala uja. Ndinati, "Achimwene, makatoni aja anali anga." Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndinkadziwa, bambo. Ndinkangodikira tsiku limene mudzanene." Ndinamubwezera ndalama yake pang'onopang'ono miyezi inayi. Mayi aja ndikuwabwezerabe. Amalandira, koma moni wanga sayankha, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Ndiye anzanga, amene mumaphatikiza katundu, tengani izi.

Musanapakire, khalani pansi nonse pamodzi ndi dalaivala, muwerenge katoni iliyonse. Ilembedwe dzina la mwini wake ndi nambala, ndipo nambalayo ioneke pa mndandanda. Jambulani mndandandawo, muutumize pa WhatsApp kuti aliyense akhale nawo. Amene akukakamira zowerenga musamuone ngati wovuta.

Malisiti akhale enieni. Zolembetsa mtengo wabodza ku shopu zimakupulumutsani lero, mawa n'kugoneka anzanu pa boda. Komanso musanamizidwe kuti katundu wa ku South Africa amalowa pa ndondomeko ija ya COMESA yofewetsera amalonda ang'onoang'ono. South Africa si membala wa COMESA. Ngati simukudziwa msonkho wa katundu wanu, funsani a MRA kapena ejenti wovomerezeka musanagule, osati thiraki itafika kale.

Mugwirizane molemba kuti katundu wosalembetsa akapezeka, chindapusa ndi masiku onse otayika alipira mwini wake yekha. Thiraki ikatsekedwa, pasapezeke wowonjezera kanthu m'njira.

Madalaivala, mukapakira mukhalepo nokha, makamaka usiku. Amene amasainira ndi inu. Ndipo ife a geni, dalaivala akati katundu walemera kapena tayala silili bwino, timumvere. Iyeyo ndi mnyamata wa forklift uja, amaona zimene ife a changu sitiona.

Ena mundinyoza mukawerenga izi, palibe vuto. Aja tinali limodzi pa ulendo umene uja, ena muli m'gulu momwe muno. Gawo lanu la chindapusa ndili nalo ngongole. Ndilembereni ku inbox tikambirane.

Muyende bwino nonse amene muli pa msewu sabata ino.