Kaligo wa Atsibweni Anga

Ndidabadwira m'mudzi wina m'tsinde mwa phiri la Chongoni m'boma la Dedza. Masiku ano dera lathu lidatchuka chifukwa cha zojambula za m'mapanga zimene adasiya Akafula ndi makolo athu Achewa. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malo 127 a zojambulazi m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amabwera kudzaona Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, ndipo ine ndimanyadira. Komabe pali chuma china chimene sichidalembedwe pathanthwe, chimene ine ndemwe ndidachitaya ndi manja anga.

Atsibweni anga adali katswiri woimba kaligo. Kwa ana amene simudamuonepo, kaligo ndi choimbira cha nsambo imodzi. Wa atsibweni adali ndi kamtengo kogoba ngati kang'oma, kokutidwa ndi chikopa cha ng'anzi, ndipo pakati pake padapyola ndodo ya nsungwi. Nsambo yake idali yakhonje. Dzanja lamanja linkakhwekhweza nsamboyo ndi kauta, pamene zala zakumanzere zinkaigunda m'mbali kuti mawu akwere kapena atsike.

Ndili mnyamata, cha m'ma 1970, ndidaona chinthu chimene sindichiiwala. Atsibweni adapeka nyimbo yodzudzula mkulu wina amene adatchona ku Joni zaka zambiri, nabwerako ndi chipewa chokha, atasiya mkazi ndi ana akuvutika. Mudzi wonse udaidziwa nyimboyo. Tsiku lina pa mowa wolimitsa anthu adapempha atsibweni kuti aimbe, koma mwini nkhani adali pomwepo. Atsibweni adatseka pakamwa nayamba kukhwekhweza kaligo. Posachedwa amayi adayamba kubisa nkhope m'nsalu, madoda nkumatsokomola, ndipo mkulu uja adanyamuka mwakachetechete. M'mawa mwake adaoneka akufolera nyumba ya mkazi wake, imene idakhala ikudontha nyengo ziwiri za mvula. Palibe liwu limene lidatuluka pakamwa pa atsibweni, koma aliyense adamva mawu onse.

Chinsinsi chake ndidachizindikira mochedwa. Chichewa ndi chiyankhulo chimene tanthauzo la mawu limadaliranso kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma khutu la Mchewa silisokoneza. Tsono wopeka nyimbo waluso amayendetsa maimbidwe motsata katchulidwe ka mawuwo. Popeza khosi la kaligo lilibe timipanda togawa manambala monga gitala, chala chimatsetsereka momasuka, kutsanzira mmero wa munthu.

Nditamaliza maphunziro ku sukulu ya aphunzitsi mu 1982, ndidabwerera kwathu nditadziwa do, re, mi, ndipo ndinkadziona ngati mwini nyimbo. Madzulo ena atsibweni adandiitana nati, "Mphwanga, zala zanga zayamba kuuma. Khala apa ndikuonetse pogwira." Ine ndidayankha kuti kaligo wawo sankagunda manambala molondola, ndipo kuti mawu ake ankagwera pakati pa mi ndi fa. Iwo adandiyang'ana kanthawi, kenaka adati, "Aphunzitsi, kodi amayi anu akamalira maliro amagunda nambala iti?" Ndidaseka nkuchokapo. Sadandiitanenso. Adamwalira m'chaka cha njala cha 2002, ndipo kaligo uja adatsala patsindwi mpaka chiswe chidamumaliza.

Nditapuma pa ntchito mu 2020, mdzukulu wanga adandionetsa pa foni yake kanema wa mkulu wina wa ku India akuimba vayolini. Adakhala pansi atapinda miyendo, mutu wa vayoliniyo utatsamira pa kakolo, thunthu lake lili pachifuwa. Nditangomva zala zake zikutsetsereka pa nsambo, thupi langa lidachita tsembwe. Chiyankhulo sindinkachidziwa, koma ndinkamva kuti apa akufunsa, apa akudandaula, apa akupepesa. Ameneyu adali Lalgudi Jayaraman, amene adabadwa mu 1930 namwalira mu 2013, ndipo anthu akwawo amamukumbukira ngati munthu amene vayolini yake inkaimba mawu.

Ndidayamba kufufuza. Vayolini idafika kumwera kwa India ndi Azungu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 Baluswami Dikshitar adali mmodzi mwa oyamba kuigwiritsa ntchito pa nyimbo zakwawo zotchedwa Carnatic. Amwenyewo sadaikakamize kulankhula Chizungu. Adasintha kamangidwe ka nsambo zake ndi kagwiridwe kake kuti itsate liwu la munthu. Nyimbo zambiri zimene amaimba ndi za opeka akale monga Tyagaraja, amene adapeka nyimbo zake zochuluka m'chiyankhulo cha Telugu. Woimba vayolini wabwino amaphunzira mawu a nyimboyo ndi tanthauzo lake, kuti uta wake utembenuke pamene liwu latha, asadule mawu pakati. Kutsetsereka ndi kunjenjemera kwa liwu pakati pa manambala, kumene ine ndidakutcha kulakwa, iwo adakupatsa dzina lakuti gamaka, ndipo ana amakuphunzira kwa zaka zambiri.

Apa mpamene ndidamvetsa funso la atsibweni. Chimene Amwenye adachisunga, nachipititsa ku mabwalo akuluakulu a ku Chennai, ndi chomwecho chimene ine ndidachiseka pakhonde pakwathu. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko mwana adakhala pansi pamaso pa mphunzitsi wake, pamene kuno mwana adanyamuka. Nzoona kuti Hugh Tracey adajambula oimba a dziko lino m'zaka za m'ma 1950, ndipo mawu awo adasungidwa ku South Africa. Koma makina amasunga kulira kwa nsambo, sangakugwire chala nkukuonetsa pogunda.

Chaka chatha ndidasema kaligo wanga. Chikopa ndidaika chambuzi, pakuti ng'anzi zidasowa kwathu. Zala zanga nzouma kuposa mmene zidaliri za atsibweni tsiku lija. Miyezi yambiri mkazi wanga ankati ndikulira ngati chitseko chadzimbiri. Koma usiku wina ndikuyesa nyimbo ya mtchona ija, mlongo wanga wamkulu, amene adali kukhitchini, adayamba kuimba mawu ake ndisadamuuze kuti ndi nyimbo iti. Adakumbuka ndime ziwiri. Yachitatu tonse idatithawa, ndipo palibenso wotsala woti tikamufunse.

Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma nthawi zina amagonera mpaka mwini wake atapita. Inu ana, ngati kwanu kudakali gogo woimba kaligo, bangwe kapena kalimba, musadikire kuti akuitaneni. Tengani mpando, mukhale pafupi, ndipo muyambe mwaphunzira mawu a nyimbo musanagwire nsambo.