Ku Costa Rica udzudzu umaluma masana

Munthu wokulira ku Malawi akafika ku Costa Rica amaona ngati wafika kwa azakhali: nthochi, mango, chinangwa, mpunga wa nyemba, ngakhale kutentha kwake ndi komwe kuja. Ine ndimati ngozi yagona pomwepo. Zinthu zimaoneka zodziwika, koma khalidwe lake ndi lina.

Tiyambe ndi njira. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe n'kukatera ku San José osasintha. Mukakopeka ndi tikiti yodzera ku United States, dziwani kuti kumeneko amafuna visa ngakhale mukungosintha ndege. Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever lisasiyane ndi pasipoti, makamaka mukadzera ku Brazil kapena ku Colombia.

Nyengo ndi yotembenuka. M'madera ambiri dzinja limayamba mu Meyi mpaka Novembala, ife kuno fumbi lili koboo. Mvula yake imakonda kugwa masana, ndiye zoyendayenda muzichita m'mawa.

Kwathu tinazolowera kuti ukalowa mu neti wathana ndi udzudzu. Wakumeneko, wofalitsa matenda a dengue, umakuluma dzuwa likuswa mtengo, uli pakhonde ukumwa khofi. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu azikhala m'thumba.

Koma chimene ndimachenjeza anzanga kwambiri ndi nyanja. Ine kusambira ndinaphunzirira ku Nkhata Bay, ndipo mafunde a mwera ndimawadziwa. Pacific si Nyanja ya Malawi, abale. M'magombe ngati Jacó ndi Dominical, madzi amene mafunde akankhira kumtunda amabwerera mwamphamvu ngati mtsinje, ndipo malo akewo amaoneka abata kuposa ena onse. Pomwe pakukopanipo ndi pomwe pamamiza anthu, ngakhale akatswiri. Akakukokani, musalimbane nawo kuti mubwerere kumtunda, mungotopa. Sambirani chammbali, motsatira gombe, mpaka mutulukemo. Mphamvu zikatha, yandamani chagada n'kukweza dzanja. Magombe ambiri alibe opulumutsa anthu, choncho funsani eni dera musanavule malaya.

Za m'mimba n'zosavuta. Fufuzani timalesitilanti totchedwa soda, muitanitse casado: mpunga, nyemba, nthochi zokazinga, saladi ndi nyama kapena nsomba. Nsima mudzaisowa, musanamizidwe. M'malesitilanti akuluakulu amawonjezera msonkho wa 13 peresenti ndi 10 peresenti ya operekera zakudya, ndiye muzifunsa ngati mtengo wolembedwawo waphatikiza zonse. Madola amalandira, koma pokwera basi khalani ndi ndalama yawo, colón.

Chinandiseketsa ndi kulondolera njira. Manambala a nyumba sawalabadira. Amakuuza kuti "mamita 200 kumpoto kwa tchalitchi", ndipo mamita 100 kwa iwo ndi kuchoka pamphambano ina kufika pa yotsatira, kaya ndi patali bwanji. Ku San Pedro, kufupi ndi San José, anthu amalondolerabe kuyambira pa mkuyu wakale umene unagwa kalekale. Woyendetsa takisi amapadziwa, inu ingomuuzani.