Mwendo Wopanga Umayambira pa Bondo

Ntchito yanga ndi kupanga miyendo ya anthu odulidwa mwendo. Ambiri amabwera ndi kalata ya ku chipatala cha UTH: ena shuga anawononga phazi, ena ngozi inawapeza pa Great East Road kapena pa Kafue Road. Funso lawo loyamba limakhala la phazi, ngati lidzalowa m'nsapato ya kutchalitchi. Phazi sitivutika nalo, timagula lopanga kale. Luso lili pa soketi, momwe chitsa cha mwendo chimalowamo.

Popanga chikombole cha chitsa, ndisanaviike bandeji ya pulasitala m'madzi, ndimayamba ndapapasa. Kumunsi kwa bondo kuli mafupa awiri: msongolo, womwe umasenza thupi, ndi lina lowonda cha kunja. Kamutu ka fupa lowondali sikafuna kupanikizidwa, chifukwa pali mtsempha wodutsa pomwepo umene ukafinyika munthu amamva dzanzi ndi kuyaka. Kutsogolo kwa msongolo nakonso kulibe mnofu, ndi khungu ndi fupa basi. Malo amenewa ndimawalemba ndi pensulo kuti chizindikiro chitsalire m'chikombole, ndipo pamenepo ndimawonjezera pulasitala kuti soketi isadzakhule. Pomwe thupi limalola katundu, monga pamtsempha wolimba wa pansi pa kafupa ka pabondo ndi m'mbali mwa msongolo cha mkati, ndimapala. Kenaka pulasitiki yotenthetsa mu uvuni imakuta zonse.

Koma soketi ingakome bwanji, bondo likakana zonse zagwa. Achibale, pofuna kuchita chifundo, amaika pilo pansi pa bondo la wodwala, ndipo iye amaswera pampando mwendo uli chipindire. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu imafupika pang'onopang'ono, mpaka bondo osathekanso kuwongoka. Izi ndaziona ku Kabwata, ndazionanso ku Kabulonga komwe mapilo ndi ambiri. N'chifukwa chake ndimalankhula kwambiri ndi wosamalira kuposa wodwalayo: "Amayi, chotsani piloyo. Adadi azigonako chafufumimba tsiku lililonse, mwendo atautambasula." Munthu wotsala ndi bondo lake amayenda mosatopa kwambiri kusiyana ndi wodulidwa pantchafu, ndiye kulitaya chifukwa cha pilo kumandiwawa.

Chitsa nachonso sichikhala chimodzimodzi. Kutupa kumaphwa, katumba amene ankakoka chidendene amasowa ntchito nayamba kufota, soketi n'kuyamba kukhwepa. Timawonjezera masokosi, zikapitirira timapanga ina. Ana ndiye amabwerabwera, pakuti fupa lawo limakulabe ngakhale linadulidwa.

Pansi posalala pa m'chipinda chathu aliyense amayenda bwino. Ine ndisanalole munthu kupita, ndimamutulutsa panja pa miyala, kenaka ndimamukweza pasitepe yotalika ngati ya minibasi ya ku Chelstone, chifukwa kondakitala sadzamudikira.