Kanzere Kamene Kakanatiuza Msanga

Amalume anamwalira mimba itatupa, maso ali achikasu. Kumudzi anati awalodza pa mkangano wa munda. Kuchipatala anatiuza kuti chiwindi chawo chinaonongeka ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kupweteka. Anawayeza madzi atafika kale m'khosi.

Ine sindiphunzira sayansi, koma chichokereni maliro aja ndakhala ndikuwerenga za CRISPR. Ambiri timaidziwa ngati sizasi yodulira ndi kusintha DNA, ntchito imene inapezetsa Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier mphoto ya Nobel mu 2020. Chondikopa ine si kudulako, koma kusaka. Sizasiyi isanadule, imayamba yapeza malo enieni amene yatumidwa. Asayansi anaona kuti mitundu yake ina, Cas12 ndi Cas13, ikapeza chizindikiro cha kachilombo imayamba kudula tinthu tapafupi, ndipo kudulako kungaonetse kanzere pakapepala, monga poyeza malungo. Njira za SHERLOCK mu 2017 ndi DETECTR mu 2018 zinachokera pamenepo, ndipo ofufuza akuziyesa pa hepatitis B ndi C.

Wina anena kuti zoyezera mwachangu zilipo kale. N'zoona, koma zimangosonyeza kuti kachilomboka kalipo. Kuti adokotala adziwe kuchuluka kwake m'magazi, pamafunika makina a PCR, magetsi odalirika ndi katswiri. Chiyembekezo n'chakuti CRISPR ingachepetse mtengo ndi mtunda umenewu. Bungwe la WHO linati mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B, koma 13 okha pa 100 aliwonse ndi amene anayezedwa n'kudziwa.

Nkhawa yanga ndi iyi: luso limabadwira ku Boston ndi ku California, pamene odwala ambiri ali kuno ku Africa ndi ku Asia. Kapepala kosafika pachipatala chaching'ono cha kumudzi sikangapulumutse amalume a munthu.

Malawi anayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 2002. Ambirife tinabadwa katemerayu alipo, koma makolo athu ayi. Tisadikire CRISPR. Patchuthi ndinawaperekeza amayi, mlongo wawo wa malemuwo, kukayezetsa. Anzanga, inunso mukapita kwanu mukafunse ngati akuluakulu anayezetsapo.