Adyo, Nimu ndi Chiwawu cha M'dimba

Dzinja likafika mauthenga ochokera kumudzi amafanana: tomato wagwidwa chiwawu, tumizani ya Dithane. Timatumizadi, pakuti chiwawu si nthenda yocheza nayo. Ndi chomwechi chimene chinaoletsa mbatatesi ku Ireland kuyambira mu 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kufa ndi njala.

Komabe mitima yathu siikhala pansi. Mancozeb, mankhwala amene ali mu Dithane, bungwe la European Union linasiya kuwavomereza mu 2020 poopa kuti amasokoneza ubereki. Chikhalirecho makolo athu ambiri ku Ntcheu ndi ku Dedza amapopera opanda chodzitetezera.

Mpake kukumbukira zomera zathu. Adyo akasinjidwa amatulutsa allicin, amene amalepheretsa nkhungu kukula. Nimu, wochuluka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mafuta a njere zake amachepetsa nkhungu yoyera ngati ufa ya pa masamba a maungu. Adyoyo amasinjidwa, kunyikidwa m'madzi usiku wonse, kusefedwa, n'kuthiramo sopo pang'ono kuti amatirire pa tsamba.

Koma tisanamizane. Mankhwala a zomerawa amateteza, sachiza. Dzuwa limawafooketsa, mvula imawatsuka, ndiye amafuna kupopera mobwerezabwereza, ndipo pa mvumbi sangagonjetse chiwawu paokha. Pamafunikanso kasinthasintha wa mbewu, kutalikitsa mapando, ndi kuzula mbewu zodwala msanga.

Choncho tikamatumiza ndalama, titumizenso magolovesi ndi zophimba kukamwa, ndipo tiwapemphe ayesere adyo pa bedi limodzi, aone okha kusiyana kwake.